Musanaimike lifiti, yezani kaye konkiriti ya m'galaja

Magalaja ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre ayamba kusiya dzenje ndi jeke n'kugula lifiti ya nsanamira ziwiri, ina yatsopano yochokera ku China, ina yogwirapo kale ntchito ku Johannesburg. N'zosangalatsa ndithu, chifukwa makaniko amagwira ntchito ali chiimire, msana osapweteka. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti eni galaja amakambirana za mtengo ndi matani amene lifiti imanyamula, koma za pansi pomwe idzaime satchulako n'komwe. Chonsecho moyo wa anyamata olowa kunsi kwa galimoto wagona pomwepo.

Galimoto ikakwera m'mwamba, kulemera kwake kumakokera nsanamira zonse ziwiri m'kati. Chimene chimaziletsa kugwa ndi mabawuti okhomedwa mu konkiriti, ndipo akumbuyo kwa nsanamira amakokeka ngati pali wina akuwazula. Konkiriti ikakhala yofooka, bawuti silithyoka ayi, limangozuka ndi chibuma chake cha simenti.

Pa lifiti ya matani 4, opanga ambiri amafuna konkiriti yochindikala masentimita 10 mpaka 15, yolimba 20 MPa kapena kuposa, yomwe yatha masiku 28 chiithirireni. Zenizeni za lifiti yanu zili m'buku lake, ndiye muliwerenge musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Vuto ndi mashedi a lendi. Ambiri pansi pake pali simenti yopyapyala yothiridwa pa njerwa zoswa, yosalala bwino pamwamba moti ndi maso simungaikayikire. Tengani drilo, boolani pomwe nsanamira iliyonse idzaime, lowetsani kawaya kopinda kunsonga mpaka kakole kunsi kwa konkiriti, kenaka yezani. Mukapeza kuti yachepa, dulani pamenepo, kumbani, muthire maziko atsopano okhala ndi zitsulo. Mwezi wathunthu lifiti ili gone m'bokosi lendi ikuwerengedwa, n'zowawa, ndikudziwa. Dikiranibe. Pa phula kapena pa njerwa zoyala musayese n'komwe, ndipo bawuti lililonse litalikire mng'alu kapena mphepete mwa konkiriti ndi masentimita osachepera 15.

Yang'ananinso denga. Lifiti yokhala ndi mtanda pamwamba imafuna malo a mamita 4 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo ngati makasitomala anu ndi a minibasi za HiAce za denga lalitali, werengerani zimenezo.

Poimika, nsanamira iyezedwe ndi levulo mbali zonse. Pansi pakapendekeka, chirikizani tsinde lake ndi tizitsulo topyapyala topangidwira ntchito imeneyo, osati zidutswa za matabwa kapena za tayala. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench pa mlingo wolembedwa m'buku. Kumanga ndi impact wrench kumawononga magwiridwe a bawuti m'kati mwa bowo, pomwe simungaone.

Ngozi zambiri zimabisala pa kusamutsa lifiti. Mwini nyumba wakweza lendi, mwapeza malo ena, ndipo mukufuna Lolemba ntchito ikhale itayamba. Phuma lotereli ndilo limachititsa anthu kuzula mabawuti akale n'kukawakhomanso kwatsopanoko. Musatero. Bawuti lamtunduwu limakulitsa kunsonga kwake pomangidwa, ndipo ntchito yake ndi ya kamodzi. Akalewo aduleni molingana ndi pansi kuti asapunthwitse anthu, mugule atsopano. Ngakhale mukungosendeza lifiti pang'ono m'galaja momwemo, mabowo akale musawagwiritsenso ntchito kapena kuboola pafupi nawo.

Musanamasule chilichonse, tsitsani mikono pansi, dulani magetsi, khetsani oyilo. Payipi ndi kebulo iliyonse ilembedwe chizindikiro, ndipo jambulani ndi foni mmene makebulo adutsira pa mapule. Kukamwa kwa mapayipi kutsekedwe, poti fumbi la mu Okutobala likalowamo limakadya masilo a silinda. Nsanamira imodzi imalemera makilogalamu mazana angapo. Imeneyo si yonyamula pamapewa anyamata anayi akuimba nyimbo. Igonekedwe ndi foloko lifiti kapena kireni ya injini.

Kumalo kwatsopano, fufuzani makebulo onse musanawabwezeretse. Mukapeza tiwaya toduka kapena dzimbiri, sinthani. Mukamakweza, mvetserani maloko oteteza kuti lifiti isagwe: a mbali zonse ziwiri azilira nthawi imodzi. Lina likamatsalira, makebulo sanakokedwe mofanana ndipo galimoto idzakwera chopendekeka. Za magetsi asiyireni katswiri wa chiphaso. Mota ya three-phase, mawaya awiri akasinthana, imazungulira chobwerera, ndiye mukamva ikulira koma mikono osakwera, zimitsani pomwepo. Kumbukiraninso kuti lifiti yokhala pa loko imayenera kukwera kaye pang'ono kuti itsike. Magetsi a ESCOM akathima galimoto ya kasitomala ili m'mwamba, idzakhala momwemo, pokhapokha muli ndi jenereta yokwanira kuyendetsa motayo.

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo wa chitetezo cha antchito kwa owalemba ntchito, choncho zonsezi zili pamutu panu, bwana. Yesani lifiti kangapo ilibe kanthu. Kenaka kwezani galimoto pang'ono chabe, matayala angochoka pansi, muigwedeze mwamphamvu wina atagwada kuyang'ana tsinde la nsanamira. Tsinde likanyamuka ngakhale pang'ono, kapena fumbi la simenti likamatuluka pa bawuti, tsitsani, munthu asalowe kunsi. Ikapambana mayesowo, lembani tsikulo m'kope la galaja, ndipo sabata yoyamba ikatha muyezenso mabawuti onse ndi torque wrench.