Kukonzera Njoka ya Garter Khola mu Mzinda wa Mzuzu

Munthu woweta njoka kwathu kuno amaganiziridwa msanga zaufiti. Komabe ku America ndi ku Ulaya anthu ambiri amasunga njoka m'nyumba monga momwe ife timasungira nkhunda, ndipo imodzi mwa njoka zomwe amazikonda ndi ya garter. M'nkhani ino tiona momwe munthu wa ku Luwinga kapena ku Chibavi angakonzere khola lofanana ndi kwawo kwa njokayi.

Tiyambe ndi dzina, pakuti ngozi yoyamba ili pomwepo. Dzina lakuti garter limatchulidwa pa njoka ziwiri zosiyana kwambiri. Yowetedwayo ndi ya ku North America, imene akatswiri amaitcha Thamnophis, ndipo siivulaza munthu. Mizere yake imatsata msana kuchokera kumutu mpaka kumchira. Inayo ndi ya ku Africa, Elapsoidea boulengeri, yomwe imapezekanso m'Malawi muno. Iyi ndi yakuda, ikakhala yaing'ono imakhala ndi mizere yoyera yodutsa chopingasa thupi, ndipo ndi ya banja limodzi ndi mamba. Ululu wake umatupitsa ndi kupweteka polumidwapo. Mnyamata wongowerenga buku lachingerezi n'kukatola yakudayo m'munda angakadzidzimukire kuchipatala. Ife ophunzira ziyankhulo tikuonapo kuti kutanthauzira dzina osadziwa chinthucho n'kosathandiza. Komanso kuitanitsa kapena kusunga nyama yakutchire kumafuna chilolezo cha boma, malinga ndi lamulo la nyama zakutchire la 1992 lomwe lidakonzedwanso mu 2017.

Njoka ya ku America ija imakhala m'madambo, m'mbali mwa mitsinje ndi m'maudzu. Imayenda usana, imasambira, ndipo siikira mazira koma imabereka ana amoyo. Kawirikawiri kutalika kwake sikufika mita imodzi. Pachifukwa ichi khola lagalasi lotalika masentimita 90, la masentimita 45 m'lifupi, limakwanira njoka imodzi yaikulu. Chivundikiro chikhale cha sefa wolimba, chotsekeka bwino, chifukwa pamene mutu wa njoka walowa thupi lonse limadutsa. Njoka yothawira kwa aneba m'makomboni athu siibwerera yamoyo.

Pansi pa khola payambe timiyala, kuti madzi otsala azitsikira pomwepo. Pamwamba pake paikidwe dothi lakuda losakaniza ndi mchenga pang'ono, lakuya masentimita 8 mpaka 10, losathiridwapo feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Kenako masamba ouma a msuku kapena mombo, makungwa, ndi udzu wamoyo pangodya. Tizilombo tating'ono tam'dothi timadya zowola ndipo timachepetsa fungo, ngakhale mwini khola sasiya kuchotsa ndowe.

Apa anthu a ku Mzuzu achenjere. Utuchi wapaini wochokera ku Chikangawa umapezeka paliponse, ndi wotchipa, ndipo alimi a nkhuku amauyala m'makola awo. Kwa njoka utuchiwu ndi woipa, makamaka ukakhala wauwisi. Uli ndi mafuta onunkhira amene amavutitsa njoka popuma, ndipo njoka imakhala mphuno ili pansi tsiku lonse. Ndikuganiza kuti ambiri angalakwitse pomwepa chifukwa cha chizolowezi cha nkhuku.

Nkhani yaikulu ndi ya kutentha. Njoka siitenthetsa thupi lake yokha, imadalira malo amene yagonapo. Khola likhale ndi mbali ziwiri: yofunda, ya madigiri 28 mpaka 30 pansi pa babu, ndi yozizirirapo ya madigiri pafupifupi 22. Mbali iliyonse ikhale ndi pobisala, kaya phale la m'phika kapena khungwa lopindika, kuti njoka isasankhe pakati pa kufunda ndi kubisala. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira, kuphatikizapo kamvula kowaza. Kuzizira pakokha sikupha njokayi. Ku Narcisse, m'chigawo cha Manitoba ku Canada, njoka zimenezi zikwizikwi zimagona m'mapanga amiyala nyengo yonse yachisanu n'kutuluka chakumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi. Vuto limabwera ikadya kenako n'kuzizidwa, pakuti chakudya sichigayika ndipo imachisanza. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali ndi bwino kuimana chakudya, ndi kuika botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu kumbali yofunda ija.

Beseni la madzi likhale lalikulu loti njoka ilowemo yonse, madziwo n'kumasinthidwa tsiku lililonse. Koma dothi lapamwamba likhale louma, chifukwa chinyezi chosatha chimabweretsa matuza kumimba kwa njoka, ndipo m'dzinja Mzuzu sasowa chinyezi.

Chakudya chake ndi nyongolotsi zam'dothi, nsomba ndi tiana ta mbewa. Nsomba zina, monga goldfish, zili ndi thiaminase amene amawononga vitamini B1, ndipo njoka yodya zokhazo imayamba kunjenjemera ndi kugudubuzika. Achule a m'dambo la Lunyangwa asaperekedwe, chifukwa amanyamula tizilombo tolowa m'mimba mwa njoka. Wogwira njoka kapena khola lake asambe m'manja ndi sopo asanakhudze nsima, poopa tizilombo ta salmonella.