Makina Akale Oonetsera Kanema

Amene munali ana m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mwina mukuikumbukira galimoto yachikasu ya a zamalimidwe. Inkafika dzuwa litapendeka, kaya ku Bolero, kaya ku Mhuju, n'kuima pa bwalo la sukulu. Ankamanga chinsalu choyera, kuliza jenereta, ndipo mdima ukagwa anthu ankayamba kuyenda pa chinsalu paja. Kanema woyendayenda wotere anayamba kale. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, lomwe linkajambula mafilimu oonetsa kumidzi ya Nyasaland ndi mayiko awiri a Rhodesia.

Makina ake ndi pulojekita. Filimu yake inali ya mamilimita 16 m'lifupi, yomwe kampani ya Kodak inatulutsa mu 1923 kuti mabanja azijambula ndi kuonera kunyumba. Ya mamilimita 8 inabwera mu 1932.

Filimu ndi lamba wautali woonekera kuwala. Mukaupenya padzuwa mumaona tizithunzi ting'onoting'ono tondondozana, ndipo palibe kamodzi komwe kakuyenda. M'mphepete mwa lambayo muli timabowo. M'kati mwa makina muli kachitsulo konga chala, kamene kamalowa m'bowo, kukokera chithunzi chimodzi pansi, n'kuchisiya. Chithunzicho chimaima kutsogolo kwa babu. Kuwala kumadutsa, galasi n'kuchikulitsa pa chinsalu. Pamene kachala kakukoka chithunzi china, chitsulo chozungulira chimatchinga kuwala kuti maso asaone kukokako. Zimenezi zimachitika ka 24 pa sekondi imodzi. Phokoso lija la tatatata, limene linkamveka kumbuyo kwathu, linali la kachala kameneka.

Yesani nokha, muone mmene zithunzi zoima zimaonekera ngati zikuyenda. Jambulani kampira pa kona ya tsamba la kope, pa tsamba lotsatira mukajambule pamwamba pang'ono, mpaka masamba 20. Mukawatembenuza mofulumira ndi chala chachikulu, kampira kaja kadumpha.

Woonetsa kanema wodziwa ntchito ankaonekera pomanga filimu. Imalowa mutu uli pansi, chifukwa galasi limatembenuza chithunzi. Ankasiyanso filimu yolendewera pang'ono pamwamba ndi pansi pa khomo la kuwala, pomwe chithunzi chimaima kutsogolo kwa babu. Mawilo a mano amakoka mosalekeza, pomwe kachala kamakoka n'kuima, ndiye kulendewerako kumateteza kuti lamba asaduke. Kukangotha, chithunzi chinkanjenjemera, ana n'kuyamba mluzu. Mawu nawo anali pa lamba yemweyo, mu kamzere kokhotakhota ka m'mphepete. Kababu kena kakang'ono kankawalitsa kamzereko, makina n'kusandutsa kuwalako kukhala mawu. Filimu ya mamita 120 inkatha pa mphindi 11 zokha.

Nanga n'chifukwa chiyani ena mwa makina amenewa akugwirabe ntchito, pomwe foni ya dzana yafa kale? Nyamulani pulojekita imodzi, mumva m'mapewa. Makampani monga Bell & Howell ya ku America, Eiki ndi Elmo a ku Japan ankapanga thupi lake ndi chitsulo, n'kumanga ndi masikuluu. Ukatsegula, chilichonse chimaonekera: mota apa, lamba apo, magiya uko. Munthu wokonza makina osokera kapena wailesi amatha kulondola pomwe pavuta. Chinthu choti chikwere msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia, chikugundika kumbuyo kwa galimoto, chinafunika kukhala chotero.

Komabe si zonse zimene zinali zachitsulo, ndipo zimenezo ndi zomwe zimafa. Malamba a labala amafewa kapena kuuma n'kuduka. Girisi akakhalitsa amalimba ngati phula, mota n'kumangolira osazungulira. Makina ena a Bell & Howell a m'zaka zam'mbuyomu anaikidwa giya ya pulasitiki, ndipo giya imeneyi imang'aluka ikakalamba. Kumeneko opanga analakwitsa. Babu nayo ndi yosalimba: musaigwire ndi zala, musasunthe makina ikadali yotentha. Kutentha kwake n'koopsa, moti filimu ikaima kutsogolo kwake imabooka anthu akuona pa chinsalu, ngakhale fani ikuzungulira.

Mukawapeza makina otere m'chipinda chosungiramo katundu cha tchalitchi kapena cha sukulu, musathamangire kuwalumikiza ku magetsi. Yambani mwapukuta fumbi pa khomo la kuwala ndi kansalu kofewa, pakuti kamchenga kamodzi kamakanda filimu yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zungulitsani ndi dzanja muone ngati kachala kakuyenda. Kenako tsegulani chitini cha filimu mununkhize. Ikamanunkha ngati viniga, yayamba kuwonongeka, ndipo ichotseni pakati pa zinzake. Kutentha ndi chinyezi ndi zimene zimaiwononga msanga, choncho ya ku Chiweta, m'mphepete mwa nyanja, ingathe msanga kuposa yosungidwa pa malo ouma ku Khondowe kozizira.