Kwa Inu Amene Mukufuna Ntchito Yochiritsa Mitima

Achinyamata amene amabwera kudzandifunsa za ntchito ya uphungu amayamba pafupifupi ndi mawu amodzimodzi: "Anthu amakonda kundiululira zakukhosi, ndipo ndimamva mumtima kuti Mulungu anandiitanira zimenezi." Maitanidwewo sindiwakana. Koma ana anga, munthu amene adzakhale pamaso panu atasowa tulo milungu itatu adzafuna zoposa mtima wanu wabwino. Adzafuna munthu amene anaphunzira mokwanira za maganizo, wolemekeza za uzimu, ndiponso woti anayamba wakonza kaye za mumtima mwake.

Kuno kwathu ndi ochepa amene amabwera n'kunena kuti vuto lawo ndi la m'maganizo basi. Pofika kwa inu amakhala atapita kale kumapemphero a kuphiri, kwa shehe kapena kwa sing'anga, achibale atagamula kale kuti ndi ziwanda kapena kuti wina wawalodza. Mukaziseka zimenezi, sabweranso. Kunja nakonso akatswiri a za maganizo anachedwa kuzindikira kufunika kwa za uzimu. Sigmund Freud analemba mu 1927 kuti chipembedzo ndi chinthu chimene munthu amadzinyenga nacho, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankazemba nkhani za Mulungu pocheza ndi odwala. Zinatenga mpaka 1994 kuti buku limene madokotala a matenda a maganizo ku America amatsatira livomereze kuti munthu akhoza kusautsika ndi nkhani za chikhulupiriro asali wodwala misala. Apo n'kuti Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria atayamba kale, mu 1954, kugoneka odwala ndi abale awo m'midzi yozungulira chipatala cha Aro ku Abeokuta, akugwira ntchito limodzi ndi asing'anga a kumeneko.

Musanakhazike munthu pampando wa wodandaula, khalanipo kaye inuyo. Pezani mlangizi wodziwa ntchito mumufotokozere zanu: bambo amene ankabwera ataledzera n'kumenya amayi inu mukumva kuseri kwa chitseko, chibwenzi chimene chinatha mochititsa manyazi, maliro amene simunalire chifukwa ndinu amene munkatsogolera nyimbo. Ambiri a ife tinalowa ntchitoyi chifukwa cha mabala athu, ndipo katswiri wa za maganizo Carl Jung sananame pophunzitsa kuti wochiritsa weniweni amakhala woti anavulalapo. Koma bala liyenera kupola kaye. Ndinaonapo mnyamata wina, wanzeru komanso wokonda kupemphera, amene wodandaula akangotchula za imfa ya bambo ake, iye msangamsanga ankati, "Tiyeni tiweramitse mitu." Mawu a pempherolo analibe vuto, koma ntchito yake inali yotseka pakamwa wolirayo, poti mnyamatayo sakanapirira kumva zimene iye mwini anazikwirira. John Welwood, katswiri wa ku America amene ankatsatiranso Chibuda, analemba za khalidweli m'zaka za m'ma 1980: kubisala m'zauzimu pothawa ululu umene ukufunika kuuyang'anitsitsa. Kusala kudya sikuchotsa mkwiyo umene mukukana kuti muli nawo. Mukapanda kuuzindikira, mudzautsanulira pa anthu amene anabwera kudzafuna thandizo.

Kenaka pitani kusukulu, sukulu yeniyeni, osati semina ya masiku atatu yongotengera satifiketi. Ku Mzuzu, sukulu ya Saint John of God imaphunzitsa za uphungu ndi za matenda a maganizo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a saikoloje. Chachikulu chimene mukatengeko ndi kudziwa kusiyanitsa. Mwana amene amagwa n'kumaphupha, thovu kukamwa, akhoza kukhala ndi khunyu, ndipo mankhwala ake alipo. Munthu wobwebweta thupi lili moto akhoza kukhala ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Ameneyo mukamuchedwetsa ndi mapemphero a usiku wonse mumuika m'manda. Bambo amene wasiya kachasu mwadzidzidzi amanjenjemera n'kumaona tizilombo tikuyenda pakhoma. Mayi amene wangochira kumene, sakugona, akuyankhula zosalumikizana ndipo akuopa khanda lake, afunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwani njira ya ku Zomba Mental Hospital, ya ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso namwino wa matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha m'boma lanu. Ndipo chonde, pakamwa panu pasadzatuluke mawu akuti, "Siyani mankhwala, mwachiritsidwa." Matenda ambiri otere amabwerera mankhwala akasiyidwa. Phunziraninso kufunsa funso limene tonse timaliopa: "Kodi maganizo ofuna kudzipha amakubwererani?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo ayi. Kumamumasula kuti anene zimene wakhala akusenza yekha.

Nkhani imene ndikufuna muilandire ndi manja awiri ndi iyi. Chikhulupiriro chogwira ntchito m'chipinda cha uphungu ndi cha wodandaulayo, osati chanu. Chanucho chizikulimbitsani inuyo kuti mukhale pansi osathawa. Kenneth Pargament, amene wafufuza zimenezi kwa zaka zambiri ku America, anaonetsa kuti chipembedzo chimachirikiza ena n'kuvulaza ena: amene amaona kuti Mulungu akuyenda nawo m'mavuto amapirira bwino, pamene amene amakhulupirira kuti akuwalanga kapena wawataya amasautsika kwambiri. Ndiye musathamangire kufunsa kuti munthu amapemphera kuti. Fufuzani kuti chikhulupirirocho chikumuchita chiyani.

Taganizani za mayi wa ku Chilobwe amene matope ochokera m'phiri la Soche anamulanda ana pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Wakhala m'mphepete mwa mpando, akupotokola nsonga ya chitenje, buku la kuchipatala lili pamwendo. Patapita nthawi akuti, "Kodi ine ndinamulakwira chiyani Mulungu?" Pakamwa padzakuyabwani kuti mumuyankhe ndi vesi. Dzigwireni. Mavesiwo anawamva pamaliro. M'malo mwake mufunseni modekha, "Mayi, mukamati munalakwa, mumakhala mukuganiza za chiyani?" Mwina adzakuuzani kuti usiku umenewo anatuluka kukathandiza anzake oyandikana nawo n'kusiya ana ali mtulo, ndipo sanauzepo munthu aliyense. Ntchito yanu yayambira pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Katswiri wa uphungu Carl Rogers ankaphunzitsa kuti munthu amayamba kusintha akapeza womumvetsera amene sakumuweruza komanso sakudzipanga, ndipo ine zimenezi ndaziona ndi maso anga. Mayiyo akapempha yekha kuti mupemphere, pempherani m'mawu amene iye anazolowera. Akapanda kupempha, musamukakamize.

Msilamu wa ku Mangochi asatuluke akuganiza kuti mumafuna kumutembenuza. Mayi wa ku Rumphi amene amati akavina vimbuza mtima umakhala pansi, mufunseni zimene zimachitika ng'oma zikamalira, ndani amamuimbira, ndipo usiku wotsatira amagona bwanji. Wosapemphera nayenso ali ndi chimene chimamudzutsa m'mawa. Viktor Frankl, dokotala wa ku Vienna amene anapulumuka m'misasa yachibalo ya Nazi, anamanga njira yake yonse yochiritsira pa funso la chimene munthu akukhalira ndi moyo.

Ulemu umenewu uli ndi polekezera. Munthu akati agogo ake ndi amene amulodza, mverani mantha ake, koma dzinalo musalivomereze ngakhale ndi mutu. Nkhalamba zaphedwapo m'midzi mwathu chifukwa cha mawu otere, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Musagwire ntchitoyi nokha. Ku Harare, Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthuwo ankapezadi bwino. Ambiri amatamanda nzeru za agogowo, ndipo n'zoyenera. Amangoiwala kuti agogowo anaphunzitsidwa ndondomeko, anali ndi owayang'anira, ndipo ankadziwa nthawi yotumiza munthu kwa akatswiri. Inunso pezani wamkulu pantchito woti muzikhala naye pansi mwezi ndi mwezi, n'kumuuza za wodandaula amene akukukwiyitsani, amene mwayamba kumulota, amene mtima wanu wayamba kumukhumba mosayenera. Zimachitika, ndipo zimawononga anthu zikabisidwa.

Kwina konseko, tsekani pakamwa. Chinsinsi kawirikawiri chimaululikira pamapemphero: "Tiyeni timukumbukire mlongo wina wa kwaya amene banja lake likugwedezeka," mpingo wonse n'kudziwa kuti ndi uje. Nkhani ya munthu musaisandutse umboni wa Lamulungu, musaiuze akunyumba kwanu, ngakhale abusa anu, popanda chilolezo cha mwini wake. Ndipo tsiku loyamba lomwelo mumufotokozere wodandaulayo malire a chinsinsicho: moyo wake kapena wa munthu wina ukakhala pachiopsezo, kapena mwana akamachitidwa nkhanza, mudzayenera kuitana ena, ndipo mudzayamba mwamuuza iyeyo musanatero.