Kumusiyitsa mwana thewera: woyamba kuphunzira ndi wamkulu

Makolo ambiri amafuna kuuzidwa nambala ya miyezi imene mwana ayenera kukwanitsa kuti asiye thewera. Funsoli n'lomveka kwa mayi amene manja atopa ndi kuchapa matewera, kapena bambo amene akuona ndalama zikuthera m'mapampasi, koma limachititsa nkhaniyi kuoneka ngati ya mano, amene amangomera okha nthawi yake ikakwana. Chimbudzi sichili choncho. Ntchito yaikulu ili m'maso mwa wamkulu, amene ayenera kuyamba waphunzira nthawi ndi zizindikiro za thupi la mwanayo, kenako n'kumamufikitsa pamalo oyenera nthawi yoyenera, tsiku ndi tsiku, popanda kumuopseza. Mwana amangolumikiza zimene akumva m'mimba ndi malo amene wazolowera kupezekapo akamamva zimenezo.

Umboni wake uli m'kafukufuku wa mitundu iwiri amene poyamba amaoneka ngati wotsutsana. M'chaka cha 1962 dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton, analemba zimene anaona mwa ana 1,170 amene makolo awo anadikira mpaka mwana atafika miyezi 18, kenako n'kumamuzoloweretsa pang'onopang'ono osamukakamiza. Ambiri mwa anawo anasiya kudzinyowetsa masana ali cha m'ma miyezi 28. Patapita zaka 15, mu 1977, Marten deVries ndi Rachel deVries anafotokoza za Adigo a kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene amayi amayamba kuphunzitsa khanda lili ndi milungu yochepa chabe. Mayi amakhala pansi atatambalala, n'kumuika mwana pamiyendo kapena pamapazi, n'kumatulutsa kaphokoso kofanana nthawi zonse, ndipo pofika miyezi 5 kapena 6 mwanayo amakhala wouma. Zimenezi si zachilendo kwa amayi a kuno kwathu, amene amamva mwana akufulukuta kumbuyo n'kumasula mbereko asanaipitse nsalu. Makolo a ku America aja anayamba mochedwa, Adigo mofulumira kwambiri, koma onse anapambana chifukwa cha zinthu zofanana: wamkulu ankayang'anitsitsa mwana, ankachita zomwezomwezo mobwerezabwereza, ndipo pophunzitsapo panalibe chikwapu. Kusiyana kwake n'kwakuti khanda la miyezi 6 limadalirabe maso a mayi, pamene mwana wa zaka ziwiri amayamba kuthamangira yekha. Malangizo otsatirawa ndi a mwana amene akuyenda kale, kuyambira cha m'ma miyezi 18 kupita m'tsogolo.

Sabata yoyamba musagule kanthu, musaphunzitse kanthu. Ingoonani. Kodi thewera limakhala louma kwa maola awiri? Kodi akadzuka tulo ta masana amakhala wouma? Amabiba nthawi yanji, ndipo amatani asanabibe? Ana ambiri amasiya kusewera mwadzidzidzi, nkhope imafiira, ena amanjuta kuseri kwa chitseko kapena kukabisala pakona. Mwana wobisalayo akuonetsa kuti amamva chimbudzi chisanatuluke, ndipo chimenecho ndiye chizindikiro chofunika kuposa zonse. Onaninso ngati amamva mawu afupiafupi monga "tenga nsapato", ngati angathe kukhala pansi n'kudzuka yekha, komanso ngati amadana ndi thewera lonyowa. Sikuti zizindikiro zonsezi zipezeke tsiku limodzi. Zikapezeka zingapo, yambani.

Nthawi yoyambira isankheni ndinu. Pewani masiku amene mwana akudwala, akutsegula m'mimba, wangoletsedwa kumene bere, mwangosamuka kumene, kapena m'nyumba mwabadwa khanda. Nyengo yotentha, monga ya Okutobala, imathandiza chifukwa mwana amatha kusewera atavala kakabudula kokha ndipo zochapa zimauma msanga. Pakhale masiku atatu kapena anayi otsatizana amene munthu mmodzi adzakhale naye pafupi tsiku lonse.

Kenako konzani malo. Chimbudzi chokumba sanachikonzere mwana wa zaka ziwiri: bowo lake ndi lalikulu, m'kati mumakhala mdima, ntchentche ndi mphemvu zimatulukira pansi, ndipo mantha a mwanayo ali ndi maziko, chifukwa mwendo wake ukhoza kulowadi. Chimbudzi chamadzi nachonso ndi chachitali, miyendo imalendewera, ndipo phokoso la madzi limaopsa ana ena. Choncho yambani ndi kapoti kapulasitiki kamene amagulitsa m'misika ndi m'masitolo, kapena kabeseni kakang'ono kolimba kamene sikadzagwiranso ntchito ina iliyonse. Chofunika n'chakuti mapazi aponde pansi ndipo mawondo akwere pang'ono kuposa chiuno, pakuti thupi limatulutsa chimbudzi mosavuta likakhala monjuta. Ikani kapotiko pamalo amodzi, pafupi ndi pamene mwana amasewera, kutali ndi pophikira. Masiku awiri oyamba mulekeni akhalepo atavala, akanyamule, akhazikepo chidole chake ngati akufuna. Gwirizananinso pa mawu. Ngati pakhomo mumati "kukodza" ndi "kubiba", aliyense anene mawu omwewo, kuyambira agogo, mlezi, mpaka achemwali ake amene amamubereka akaweruka kusukulu.

Tsopano mukhazikeni pa nthawi zimene thupi lili kale kumbali yanu. Akangodzuka m'mawa chikhodzodzo chimakhala chodzaza. Chakudya chikalowa m'mimba, matumbo amayamba kukankhira kunsi zimene zinali kale m'kati, n'chifukwa chake ana ambiri amabiba patangopita mphindi 15 mpaka 30 atamwa phala kapena kudya nsima. Mukhazikeninso akadzuka masana, asanasambe ndiponso asanagone. Musamufunse kuti "ukufuna kukodza?", chifukwa mwana wa msinkhu umenewu mawu amene amakonda kwambiri ndi "ayi". Nenani mwachidule kuti "tiye tikakodze", mumugwire dzanja, akhalepo mphindi zitatu kapena zisanu basi. Kukatuluka kanthu, muuzeni zimene wachita: "Wakodza m'kapoti, wachita bwino." Nthungululu ndi masiwiti sizofunika, ndipo chisangalalo chikachuluka mwana wina amayamba kuopa kukukhumudwitsani mawa lake. Kukapanda kutuluka kanthu, mudzutseni osadandaula.

Akayamba kuchita bwino kangapo, chotsani thewera masana onse. Apa m'pamene makolo ambiri amabwerera m'mbuyo, makamaka amene anazolowera mapampasi. Pampasi imayamwa mkodzo msanga moti mwana samva kunyowa, ndiye sangaone kugwirizana kwa zimene anamva m'mimba ndi zimene zachitika. Muvekeni kabudula wa lasitiki wosavuta kutsitsa, osati zovala za mabatani ndi malamba. Adzakodzera pansi, adzakodzera pamkeka, mwina ngakhale pamiyendo ya mlendo. Nenani mofatsa kuti "mkodzo umapita m'kapoti", mumusinthe, mupukute, nkhani yathera pomwepo. Kumuvula thewera lero n'kumubwezera mawa chifukwa mukupita kutchalitchi kumamusokoneza. Kuli bwino kumukodzetsa musananyamuke, n'kutenga zosinthira ziwiri ndi nsalu yoyala pamiyendo mu minibasi.

Pali amene anganene kuti kufatsa konseku n'kulekerera, kuti kakhofi kamodzi kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake kumaphunzitsa msanga. N'zoona kuti mwana womenyedwa amasintha, koma chimene amaphunzira n'chakuti chimbudzi chimabweretsa mavuto, choncho amachibisa kapena kuchigwira. Chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma n'kulimba, potuluka chimapweteka, nthawi zina mpaka kung'amba pang'ono, ndipo ululuwo umamuchititsa kugwiranso kwambiri. Pakapita nthawi, chimbudzi chamadzimadzi chimayamba kudutsa m'mbali mwa cholimbacho n'kumathimbiriza kabudula mwana osadziwa n'komwe. Kholo limaganiza kuti ndi mwano, limawonjezera chilango, vuto n'kumakulirakulira. Matumbo odzaza amapanikizanso chikhodzodzo, moti mwana wodzimbidwa amakodzedwa kawirikawiri. Choncho mukaona kuti chimbudzi chayamba kulimba, kapena mwana akumangitsa thupi, kupingasa miyendo ndi kulira akafuna kubiba, imitsani maphunziro kaye. Mupatseni madzi okwanira, papaya, mango, masamba, nyemba ndi phala la mgaiwa, ndipo zikapitirira pitani naye kuchipatala.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati ngati mwana aliyense amadzasiya yekha, palibe chifukwa chovutikira, angodikira mpaka atakwanitsa zaka zitatu kapena zinayi. Kudikira kuli ndi mtengo wake: ndalama za mapampasi, mapampasi otayidwa m'ngalande ndi m'mitsinje ya m'matauni, zilonda za m'mphechepeche, komanso mwana amene wazolowera kwambiri kubiba ataimirira m'thewera moti kukhala pansi kumamuvuta. Nawonso amayi apantchito anganene kuti alibe nthawi yoyang'anitsitsa mwana tsiku lonse. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo njira ya Adigo singatheke kwa mayi wochoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Koma maso oyang'anawo sayenera kukhala a mayi okha. Bambo, mlezi kapena mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka akhoza kutsatira nthawi zomwezo ndi mawu omwewo, malinga auzidwe momveka, ndipo auzidwenso kuti mwana asamenyedwe akalakwitsa. Sukulu ikafuna kuti mwana akhale atasiya thewera pofika tsiku lotsegulira, yambani miyezi ingapo m'mbuyo, osati sabata yomaliza.

Zotuluka m'kapoti zipite m'chimbudzi nthawi yomweyo. Maganizo akuti bibi wa mwana saopsa ndi olakwika. Ana amatsegula m'mimba kawirikawiri ndipo chimbudzi chawo chimakhala ndi tizilombo tambiri. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, unafala kudzera m'madzi, chakudya ndi manja okhudzidwa ndi chimbudzi, ndipo bibi wotayidwa kudzala kapena kuseri kwa nyumba mvula imamukokolola, ntchentche nazo zimamupeza. Tsukani kapoti ndi sopo, madzi otsukirawo athiridwenso m'chimbudzi. Mwana wamkazi mumupukute kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo kuti tizilombo tisalowe m'njira ya mkodzo. Kenako sambani m'manja nonse awiri ndi sopo, pampopi kapena pa mpondagiya, kuti mwanayo azione kusambako ngati mbali ya kupita kuchimbudzi. Akazolowera kapoti, kasunthireni pang'onopang'ono kufupi ndi chimbudzi chenicheni, koma m'chimbudzi chokumba azilowa ndi munthu wamkulu mpaka atakula ndithu.

Usiku ndi nkhani ina. Kuuma usiku kumadalira kukhwima kwa thupi, kumene kumachepetsa mkodzo wopangidwa munthu ali m'tulo ndi kumudzutsa chikhodzodzo chikadzaza, ndipo zimenezi siziphunzitsidwa. Kukodza pogona kumayendanso m'magazi. Kawirikawiri mumapeza kuti bambo, mayi kapena malume ake ankatero. Madokotala saona kukodza pogona ngati vuto mwana asanakwanitse zaka 5. Mukodzetseni asanagone, yalani pulasitiki pansi pa nsalu, ikani kapoti pafupi ndi pogona, ndipo thewera la usiku mulichotse akadzuka wouma kwa masiku angapo otsatizana.

Mwana amene anasiya kale akhoza kuyambiranso kudzinyowetsa kukabadwa mng'ono wake kapena akadwala. Bwererani ku nthawi zija zomukhazika, vutoli limadutsa. Koma akamalira pokodza, akamakodza pafupipafupi ali ndi ludzu losatha ndipo akuonda, mkodzo ukamangodontha tsiku lonse, kapena mukaona magazi mu mkodzo, makamaka kumadera a kunyanja ndi m'madambo kumene likodzo ndi lofala, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga buku lake.