Opaleshoni Yoboola Pang'ono pa Chala Chachikulu cha Kuphazi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi vuto limakhala pati?

Limakhala patsinde pa chala, pomwe fupa lake limakumana ndi fupa lalitali la phazi. Mukamayenda, mfundo imeneyi imapindika uku itasenza thupi. Chichereŵechereŵe chake chikayamba kuperepeseka, pamwamba pamatuluka kafupa kamene kamaletsa chala kupindikira m'mwamba. Madokotala amatcha vutoli hallux rigidus. Kunjuta kumavuta, kukwera chitunda kumawawa, ndipo nsapato imakhula pakafupapo.

Nanga dokotala amachita bwanji?

Sang'amba phazi. Amaboola timabowo tiwiri pamwamba pa mfundoyo, uku ndi uku kwa mtsempha wokweza chala. Amachikoka chalacho kuti mafupa atalikirane pang'ono, n'kupoperamo madzi amchere kuti mkati muoneke bwino. Pabowo limodzi amalowetsa kakamera kowonda, ka mamilimita 1.9 kapena 2.7, pa linalo amalowetsa kachida kopalira. Maso ake ali pa sikirini, amapala kafupa kotuluka kaja, amachotsa tizibenthu toyandama m'mfundo ndi mnofu wotupa. Pomaliza amasoka bowo lililonse kamodzi kapena kawiri basi.

Kodi imathandiza aliyense?

Ayi, ndipo apa mpofunika kumvetsetsa. Imathandiza pamene chichereŵechereŵe chambiri chikadalipo. Chikatheratu, mafupa n'kumakhulana okhaokha, kupala sikuthetsa ululu. Pamenepo madokotala ambiri amalangiza kulumikiziratu mafupa awiriwo ndi timasikuluwu kuti mfundo isamapindikenso. Munthu amayendabe bwino, kungoti nsapato zazitali kuchidendene amazisiya. Kuti zidziwike kuti mfundo yaperepeseka motani, X-ray, yojambulidwa mutaimirira, ndiyofunika musanagwirizane chilichonse. Komanso chala chikatupa mwadzidzidzi usiku, chofiira ndi chotentha, mwina ndi matenda ena otchedwa gout, amene amafuna mankhwala poyamba.

Pali zoopsa zanji?

Timitsempha tomvera tadutsa pafupi ndi timabowo, ndiye tikakhudzidwa chala chimachita dzanzi. Bala lingalowe tizilombo, mfundo ingaumenso. Odwala shuga ndi osuta fodya amachedwa kupola, choncho musamubisire dokotala zimenezi.

Ndidzayenda liti?

Ambiri amatuluka tsiku lomwelo atavala nsapato yapadera yolimba kunsi. Ulusi amachotsa pakatha pafupifupi milungu 2, koma kutupa kumatha kutenga miyezi. Pogona, tsamiritsani phazi pamapilo. Dokotala akalola, yambani kupinda chalacho ndi dzanja tsiku lililonse, ngakhale chikuwawa pang'ono, chifukwa chikangokhala osachigwedeza chimauma.