Chithunzi chili m'kati, ndiye diso lanu likuona chiyani?

Tangoganizani kabotolo ka galasi kotalika masentimita 6 kapena 7. Pa kabotoloko mukuona mapiri, mtsinje ndi munthu ali m'bwato. Mukasisita ndi chala simumva utoto, galasi lili tsetsetse. Chithunzicho chili m'kati, ndipo anachijambula polowetsa kamtengo pa kakamwa koti ngakhale pensulo imavutika kulowa.

Timabotolo timeneti ndi ta ku China, ndipo ntchito yake inali kusungira fodya wofwenkha. Fodya kwawo ndi ku America, ku China anafika ndi amalonda. M'nthawi ya ufumu wa Qing, kuyambira 1644 mpaka 1912, anthu apamwamba ankakonda kufwenkha, ena n'kumati amachiza mutu ndi chimfine. Apa pokha musawatengere, fodyayu ali ndi nicotine monga wosuta yemwe. Ku Ulaya ankamusunga m'timabokosi, koma m'malo a chinyezi ufa wotere suchedwa kuumbika. Ku China anatengera timabotolo ta mankhwala, ta chivindikiro chothina chokhala ndi kasupuni kotungira. Mu 1696 mfumu Kangxi inakhazikitsa malo opangira galasi ku Beijing, ndipo ankayang'anira ntchitoyo anali wansembe wa ku Germany, Kilian Stumpf. Zojambula m'kati zinabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1800, ndipo akatswiri odziwika monga Zhou Leyuan ndi Ma Shaoxuan ankagwira ntchito ku Beijing chakumapeto kwa zakazo.

Tsono tilowe m'fizikisi. Vuto loyamba n'lakuti utoto wa madzi sugwira pa galasi losalala, umangopanga timadontho. Choncho ankathira timchenga tolimba kwambiri ndi madzi m'botolomo n'kukhutchumula mpaka m'kati mutakhala mokhakhala. Timaenje tambirimbiri tomwe timatsala timagwira utoto, komanso timamwaza kuwala mbali zonse. N'chifukwa chake m'katimo mumaoneka moyera ngati pepala.

Kuyerako sikuchokera ku mtundu wa galasi ayi. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi mu mpweya, koma m'galasi ndi pafupifupi 200,000. Mukagawa mupeza 1.5, ndiyo refractive index ya galasi. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumapinditsa kuwala pa malire a galasi ndi mpweya, ndipo pa malo okhakhala kaenje kalikonse kamakupindira kwake. Mukathiramo madzi, omwe index yake ndi 1.33, kusiyana kumachepa, kumwazika kumachepanso, galasi n'kuyamba kuonekera. Yesani pa windo la kubafa lija losaonetsa m'kati: nyowetsani mbali yokhakhalayo, kapena matanipo selotepi, muone.

Vuto lachiwiri ndi limene limandisangalatsa kwambiri. Wojambula ankagwiritsa ntchito kamtengo ka nsungwi kopindika kunsonga, ndipo ankaona nsongayo kudzera m'galasi. Galasilo limanamiza. Lamulo lija la m'kalasi likuti kuya kooneka n'kofanana ndi kuya kwenikweni kugawa ndi refractive index. Ngati khoma la botolo ndi lochindikala mamilimita 3, mukaliyang'ana molunjika chithunzi chioneka ngati chili pa mamilimita 2. N'chimodzimodzi ndalama yachitsulo yomwe imaoneka ngati yakwera mukaiponya m'beseni la madzi. Cham'mbali, pomwe galasi lapindika, khomalo limakhala ngati lens, mizere n'kuoneka yotambasuka. Akatswiriwa sankawerengera ndi cholembera, dzanja lokha linkazolowera kukonza zimene diso lanamizidwa.

Palinso nkhani ya ndondomeko. Papepala mumayamba ndi thambo kenako n'kuika mbalame pamwamba pake. M'botolo, utoto woyamba kupakidwa ndiwo uli pafupi ndi diso la woona, ndipo wobwera pambuyo umakhala kumbuyo kwake. Ndiye mizere ya nkhope ndi maso iyenera kuyamba, mtundu wa khungu pambuyo. Mukalakwitsa simungaphimbe ndi utoto wina, cholakwikacho chizioneka kutsogolo mpaka mutachipala.

Nali funso loti muyese. Timabotolo tina tinkapangidwa ndi mwala woonekera wa quartz, womwe index yake ndi pafupifupi 1.54. Khoma likakhala mamilimita 4, chithunzi chioneka pa kuya kwanji? Ndipo chioneka pafupi kapena patali poyerekeza ndi galasi lochindikala mofanana?