Tomato Uti Woyenera Kubzala Pakhomo Panu?

Amayi, tomato salekana ndi mphika wa ndiwo. Usipa, nyemba, nkhwani ngakhale bonongwe, zonsezi zimafuna tomato. Koma aliyense wogula pamsika waukulu wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa akudziwa kuti mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka Malichi, mulu wa tomato umachepa pamene mtengo wake ukukwera. Nthawi imeneyi m'makomo ambiri ndiwo zimangophikidwa ndi mchere ndi madzi, ana n'kumadya monyinyirika. Kabedi kamodzi kuseri kwa nyumba, kaya muli ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa, kakhoza kuchepetsa vutoli. Chofunika ndi kudziwa mtundu woyenera kubzala, chifukwa tomato sali mmodzi. Pali wokoma koma wosachedwa kuwola, palinso wobereka kwambiri koma wozizira m'kamwa. M'phunziro lino tiyerekeza mitundu imene mungathe kusunga mbewu yake nokha chaka ndi chaka.

Mbewu yosungika ndi mbewu ya haibulidi

Paketi ya mbewu ikalembedwa F1, dziwani kuti ndi haibulidi. Imabereka bwino chaka choyamba, koma mukatenga njere zake n'kufesanso, mbewu zomera sizifanana ndi kholo lake: zina zazifupi, zina zazitali, zipatso zosiyanasiyana. Choncho mumayenera kugula paketi yatsopano nthawi zonse, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Mitundu yakale ndi yosiyana. Duwa la tomato nthawi zambiri limadzipatsa lokha mungu, motero njere za mitundu imeneyi zimabereka zipatso zofanana ndi za kholo lake. Mukagula kamodzi kapena kupempha kwa mnzanu, mbewuyo yakhala yanu.

Mitundu imene mungaipeze

Woyamba ndi phwetekere wamng'ono wa makolo, uja amamera yekha padzala kapena m'mbali mwa khola. Zipatso zake ndi zazing'ono ngati nthudza, zanjere zambiri, koma pa kukoma palibe womuposa: ali ndi kutsekemera komanso kuwawasa, ndipo dzanja limodzi limakoleretsa mphika wonse. Amapirira mvula ndi matenda kuposa mitundu ya zipatso zazikulu, ndipo amabereka kwa miyezi ingapo. Vuto lake ndi lakuti kuthyola kumatenga nthawi, amaphulika akapsa kwambiri, ndipo pamsika sayenda malonda.

Wachiwiri ndi Moneymaker, wochokera ku England, amene wakhala akulimidwa kwa zaka zoposa 100. Amakula osaleka, kotero amafuna mtengo wautali womangirirapo komanso kumuchotsa mphukira za m'khwapa mwa masamba. Zipatso zake ndi zozungulira, zapakatikati, zamsuzi wambiri, ndipo zimapsa pang'onopang'ono. Izi n'zabwino pakhomo chifukwa mumathyola atatu lero, anayi mkuja. Koma khungu lake ndi lopyapyala, sakhalitsa akathyoledwa, ndipo matenda amamugwira msanga.

Wachitatu ndi Marglobe, amene anatulutsidwa ku America mu 1925. Zipatso zake ndi zazikulupo, zofiira bwino, zokoma kudya zosaphika. Amapirira matenda ena ofotetsa mbewu otchedwa Fusarium amene amakhala m'nthaka. Amakonda kung'ambika ngati wakhala masiku osathiriridwa kenako n'kulandira madzi ambiri nthawi imodzi.

Wachinayi ndi Roma, wa zipatso zazitali ngati dzira, amene anatulukanso ku America mu 1955. Zilembo VF zimene mumaona papaketi yake zikutanthauza kuti amapirira matenda awiri ofotetsa, Verticillium ndi Fusarium. Ndi wamfupi, ndipo zipatso zake zimapsa pafupifupi nthawi imodzi. Mnofu wake ndi wochindikala, madzi ochepa. Kudya wosaphika sakoma kwenikweni, koma akaphikidwa amapanga msuzi wolemera, ndipo ndiye woyenera kumudula n'kumuyanika padzuwa kuti mudzagwiritse ntchito m'miyezi yosowa.

Palinso Tanya ndi Tengeru 97, amene anatulutsidwa ku Tanzania mu 1997 ndipo anafalikira kuno kwathu. Si akale ngati anzawo aja, koma si haibulidi, choncho mbewu yawo imasungika. Alimi ogulitsa amawakonda chifukwa zipatso zake ndi zolimba, zimapirira ulendo wa pagalimoto ndipo zimakhala masiku ambiri osawola. Tengeru 97 amapiriranso tinyongolotsi totupitsa mizu. Pa kukoma, ambiri amati safika pa Moneymaker kapena phwetekere. Womaliza ndi Rodade wa ku South Africa, amene amadziwika ndi kupirira matenda ofota oyambitsidwa ndi mabakiteriya, aja mbewu imafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira.

Mwachidule, ngati mukufuna kukoma, sankhani phwetekere, Moneymaker kapena Marglobe. Ngati mukufuna zokolola zambiri zosachedwa kugulitsika komanso zokhalitsa, sankhani Tanya, Tengeru 97 kapena Roma. Ngati nthaka yanu inafotetsapo tomato, yesani Rodade. Pakhomo ndi bwino kubzala mitundu iwiri kapena itatu, kuti wina akalephera, wina akupulumutseni.

Nyengo ya ku Mzuzu

Mzinda wathu uli pamalo okwera, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula imakhalitsa kuposa madera ambiri, ndipo mawawa ndi nkhungu zimapitirira ngakhale dzinja litatha. Chinyezi chozizira chotere ndicho chimabweretsa chiwawu, matenda odetsa masamba, tsinde ndi zipatso, amene angathe kumaliza bedi lonse m'sabata imodzi. Pa mitundu ya zipatso zazikulu imene tatchulayi palibe umene chiwawu chimauopa. Komanso usiku wozizira wa mu Juni ndi Julayi umachititsa maluwa kuyoyoka osagwira zipatso.

Njira yosavuta kwa woyamba kumene ndi kufesa panazale mu Julayi ndi kuwokera mu Ogasiti, mbande zikakwanitsa masabata 4 mpaka 6. Mudzayamba kuthyola patapita miyezi iwiri ndi theka kapena itatu, mvula isanalimbe, ndipo wotsala mudzayanika. Wa m'dzinja, dalirani phwetekere, ndipo mubzale pamalo owomba dzuwa ndi mphepo. Siyani masentimita 60 pakati pa mbewu, thirani manyowa owola bwino, phimbirani nthaka ndi udzu wouma, ndipo thirirani patsinde m'mawa osanyowetsa masamba. Chotsani masamba ogunda pansi. Musabzale tomato pamene munali mbatatesi, mabilinganya, tsabola kapena fodya, chifukwa zimapatsirana matenda. Pakhale kasinthasintha wa zaka zitatu.

Mbewu ikafota mwadzidzidzi, dulani tsinde n'kuviika kunsonga kwake m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timadzi toyera ngati mkaka tikutsika, ndiye kuti ndi matenda a mabakiteriya aja. Alibe mankhwala opopera. Zulani mbewuyo ndi mizu yomwe, muitenthe, ndipo musaiponye pamulu wa kompositi.

Kukoma kumadaliranso kasamalidwe. Tomato wopsera pamtengo amakoma kuposa wothyoledwa wosapsa. Madzi ochuluka zipatso zikayamba kufiira amasukulutsa kukoma, ndipo kuzizira kwa mufiliji kumachotsa fungo lake.

Tomato ndi thanzi la banja

Ife anamwino ndi azamba timakumana kawirikawiri ndi amayi oyembekezera ochepa magazi. Tomato payekha alibe ayironi wambiri, koma ali ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wopezeka mu nyemba, nandolo, bonongwe ndi chisoso. Vitamini ameneyu amachepa ndiwo zikaphikidwa nthawi yaitali, choncho dulirani tomato wina wosaphika, wotsukidwa bwino, pambali pa nsima. Tiyi amachita zosiyana: amatchinga ayironi, ndiye musamwere chakudya tiyi. Kufiira kwa tomato kumachokera ku chinthu china chothandiza thupi chotchedwa lycopene, chimene chimalowa bwino m'thupi tomato akaphikidwa ndi mafuta pang'ono. Motero wophika ndi wosaphika onse ali ndi ntchito yake. Dziwani kuti tomato salowa m'malo mwa mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira kusikelo. Pitirizani kumwa monga anakuuzirani.

Nkhani ina ndi ya mankhwala opopera. Mbozi yotchedwa Tuta absoluta, yochokera ku South America, inafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, kenako kuno kwathu. Imadya m'kati mwa tsamba ndi kuboola zipatso, ndipo yachititsa alimi ena kupopera mankhwala pafupipafupi. Mwina munaonapo tomato wa pamsika ali ndi ufa wa mankhwala pakhungu. Wotere mutsukeni bwino ndi madzi oyera musanadule. Pabedi lanu la mbewu 20 mungathe kuyendera m'mawa uliwonse, kuchotsa masamba ogwidwa ndi kuwatentha. Ngati pafunika mankhwala, funsani alangizi a zaulimi, werengani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo asungeni kutali ndi ana ndi chakudya. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapopere mankhwala.

Kasungidwe ka mbewu

Sankhani zipatso zopsa bwino kuchokera ku mbewu zathanzi, osati zotsalira kumapeto. Finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, muzisiye masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite nkhungu yoyera. Kusasa kumeneku kumachotsa utomoni wokuta njere umene umalepheretsa kumera. Thiranimo madzi: njere zabwino zimamira, zopanda pake zimayandama. Tsukani, yanikani pamthunzi kwa sabata imodzi, ndipo ikani mu envelopu kapena m'botolo louma. Lembani dzina la mtundu ndi chaka. Zikasungidwa pouma ndi pozizira zimatha kumera ngakhale patapita zaka zitatu kapena zinayi.

Ntchito ya pagulu

Nthaka ya ku Katawa si yofanana ndi ya ku Masasa, choncho yankho lenileni lichokera m'mabedi anu. Gulu lanu lisankhe mitundu itatu kapena inayi ndipo mugawane mtengo wa mapaketi. Amayi anayi kapena asanu abzale mbewu zisanu za mtundu uliwonse tsiku limodzi, n'kuzisamalira mofanana. M'kope lembani tsiku lowokera, tsiku lothyola koyamba, kuchuluka kwa zipatso poyeza ndi mbale imodzimodzi, mbewu zimene zadwala, ndi masiku amene chipatso chakhala m'nyumba chisanawole. Pamsonkhano wina bweretsani zipatsozo, muzidule m'mbale zopanda mayina, aliyense alawe n'kusankha. Phikaninso nkhwani m'miphika yosiyana, mtundu umodzi mphika umodzi, chifukwa wokoma wosaphika si nthawi zonse amakoma m'ndiwo.

Mafunso okambirana

1. Banja lanu limawononga ndalama zingati pa tomato pa sabata m'chilimwe, nanga m'dzinja?
2. Ndani m'dera lanu amene akusungabe mbewu yakale ya tomato, ndipo mungamupemphe liti?
3. Pa mitundu imene tafotokozayi, ndi iti iwiri yoyenera malo ndi madzi amene muli nawo?
4. M'gulu lanu muli amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala amene sangathe kulima. Mudzagawana nawo bwanji zokolola ndi mbande?